Mlatho wa Katsache

Kalekale, misewu ya kuno isadadziwe tayala la galimoto, kudali mtsinje wotchedwa Chimeza. Dzinali anthu sadaupatse mwachibwana. M'chilimwe udali mtsinje wofatsa, woti ndi mbuzi yomwe inkawoloka osanyowa pamimba. Koma dzinja likafika, mvula ikagwa kumapiri, unkatsika uli psuu, ukubangula, n'kumameza chilichonse chimene wachipeza panjira. Tsidya lino kudali midzi ndi minda. Tsidya linalo kudali msika ndi chipatala cha mishoni.

Tsidya lino kumeneku kudali mayi wina dzina lake Nangondo. M'mimba mwa mayi wawo adabadwa awiri okha, iyeyo ndi mlongo wake Katsache, yemwe adaphunzira kusema miyala ali mnyamata pothandiza amisiri omanga tchalitchi.

Chaka china mwana wa Katsache, mmodzi yekhayo, adadwala malungo mvula ili pakati. Katsache adali kutali ku ntchito. Mkazi wake adabereka mwanayo kumbuyo kuti awoloke naye, ndipo Nangondo adamutsatira mpaka pagombe, akumudandaulira kuti adikire madzi aphwe.

"Ine ndingadikire, mlamu," adatero mayiyo, "koma mwanayu sadikira."

Nangondo adamuona akulowa, madzi ali m'mawondo, kenaka m'chiuno. Adaona chitsa chikubwera chikugubuduzika. Adakuwa, n'kuphimba nkhope. Pomwe amachotsa manja padali madzi okhaokha. Mitembo sadaipeze.

Katsache atabwera sadalire pamaso pa anthu. Maliro atatha adabwerera kwawo, kwa mlongo wake, ndipo m'mawa wina adatenga nyundo ndi tchizulo n'kukwera kuphiri. Nangondo adamulondola ndi madzi akumwa, n'kumupeza akusonkha moto pathanthwe. Thanthwelo litatentha adalithira madzi ozizira, ndipo lidang'ambika.

"Achimwene, miyala imeneyi ndi yachiyani?"

"Ndikufuna ndimuveke goli Chimeza."

Poyamba anthu ankati chisoni chamusokoneza mutu. Koma mulu wa miyala utakula pagombe, wina adabwera ndi ng'ombe zake kudzakoka, wina ndi khasu, amayi ndi madengu. Ntchitoyo idadya zaka. Ankagwira m'chilimwe mokha, mtsinje ukagona. Adakumba mchenga mpaka adapeza thanthwe la pansi, n'kumangapo nsanamira ziwiri zonenepa, zosongoka kumtunda ngati mphuno ya bwato kuti zizing'amba madzi. Njereza yomangira ankaotcha okha m'ng'anjo. Pakati pa nsanamira ankayamba aimika chimango cha mitengo chopindika ngati uta, n'kumayala miyala pamwamba pake kuchokera uku ndi uku, mpaka pakati patatsala mpata wa mwala umodzi. Mwala wotsekera umenewo Katsache ankautcha mchombo. Ankati miyala yonse ya khomo lopindikalo imatsamira pa iwo, ndipo iwo umatsamira pa yonse.

Makomo adakwana atatu, la pakati ndilo lalikulu. Tsiku lochotsa mitengo yochirikiza ija anthu adaima patali, poganiza kuti zonse zigwa. Katsache adakakhala pansi penipeni pa khomo la pakatilo, n'kumafwenkha fodya wake. Sipadagwe ndi kamwala komwe.

Chiyambire tsikulo Chimeza sadamezenso munthu pamalopo. Ngolo zinkawoloka, odwala ankawoloka pamachira, akwati ankawoloka ndi nthungululu. Ndere zidamera m'miyala, anamzeze adamanga zisa kunsi kwa makomo, ndipo ana obadwa pambuyo ankayesa kuti mlathowo udamera wokha ngati phiri. Dzina loti Katsache lidasiya kukhala la munthu chabe. Mwala ukagwedera pakakhoma ka m'mbali, zinyalala zikaunjikana pansanamira, anthu ankangoti, "Kauzeni a Katsache."

Katsache sadakwatirenso. Mwamuna wa Nangondo atamwalira, iye ndiye adalera ana atatu a mlongo wakeyo. Woyamba, Dzinkambani, adali wofatsa, ndipo adaphunzira ntchito yonse ya amalume ake. Wachiwiri adali mtsikana, Mwatitha, wosalankhulalankhula koma wamphamvu, woti mtolo wake wa nkhuni amuna ankauyang'ana kawiri. Wotsiriza, Lingilirani, adakana. "Ine za miyala ayi, amalume. Mufuna ndikalambe ndi zikhadabo zothyoka ngati inu?" Adatero tsiku lina atakangana, ndipo adapita ku migodi. Zaka zidapita osatumiza ngakhale moni. Nangondo ankamulira mwakachetechete.

Katsache adakalamba, maso adachita ng'ala. Komabe m'mawa uliwonse ankayenda pamlatho, akupapasa miyala ndi manja ngati mlimi woyendera ng'ombe zake m'khola.

Ndiye kudadza dzinja lina loti nkhalamba zomwe zidati sizidalionepo. Mvula idagwa osapuma, mpaka phiri la kumtunda lidagumuka. Kutacha, Chimeza adatsika atasenza mitengo yathunthu ndi mizu yomwe, nsungwi, mabango ndi madenga a nyumba. Zonsezi zidafika pamlatho n'kutsekera m'makomo. Mlatho wofooka ukadagwa, madzi n'kupita. Koma wa Katsache sudagwedezeke, ndipo kulimba kwakeko ndiko kudadzetsa tsoka. Madzi atasowa podzera adayamba kubwerera m'mbuyo.

Kumtunda pang'ono, pachigwa pakati pa mtsinje ndi dambo, padali mudzi wa kwa Msinkhu. Dzuwa lisadakwere, mudziwo udali utazingidwa. Kuchokera pamlatho Nangondo ankatha kuona anthu ali pamadenga ndi pazulu, amayi atakweza ana m'mapewa. Amuna adayesa kukankha mitengo ija ndi milongoti, koma idali italumana ngati mano.

Dzinkambani adapita kwa amalume ake, omwe adali chiimire pagombe akumvetsera mkokomo.

"Amalume, mlatho wasanduka khoma. Tikapanda kutsegula khomo la pakati, pofika madzulo kwa Msinkhu kukhala kulibe munthu."

"Aphwa madziwa. Mlathowu waona madzi oposa awa."

"Sudaonepo, amalume. Inu mukungomva, ine ndikuona."

Katsache adagwira kakhoma ka m'mbali n'kuyamba kuyenda, madzi akumusefukira m'mapazi, mpaka adafika pakati. Adakhala pansi pamwamba pa mchombo penipeni.

"Wofuna kugumula ayambe wagumula ine."

Nangondo adafuula ali pagombe. "Achimwene, ndapota nanu, chokanipo! Kuli ana uko!"

"Mlongo wanga," adayankha, "iwe manda a mwamuna wako umawadziwa. Ine a mkazi wanga ndi mwana wanga ndi ano. Ndilibe ena."

Amuna onse adazyolika. Ndani akadagwira nkhalamba imeneyo, imene idawawolotsa iwo ndi ana awo? Madzi ankakwerabe.

Pamenepo Mwatitha adamasula nsalu yake yapamwamba n'kulowa pamlatho. Mlathowo unkanjenjemera, mitengo ikuwomba nsanamira. Atafika adagwada m'madzimo nati, "Amalume, mundikhululukire." Adawanyamula, n'kuwaponya kumbuyo, n'kuwamanga ndi nsalu ija ngati khanda. Katsache adamumenya zibakera m'mutu, adamuluma paphewa mpaka magazi. "Nditule! Ndine mwana wako ine? Nditule ndifere pano!" Mwatitha adangoyenda pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, mpaka adawatula m'manja mwa mayi ake. Ndipo munthu uja amene sadalire pamaliro a mkazi wake adalira mokweza, mudzi wonse ukuona.

Dzinkambani adadzimanga chingwe m'chiuno, n'kupatsa amuna nsonga yake. Adatenga mgwala ndi nyundo, n'kupita pomwe padakhala amalume ake. Palibe wina akadadziwa poyambira. Adazula miyala yoyala pamwamba, adakokota njereza kuzungulira mchombo, adamenya mpaka zikhatho zidasupuka. Nangondo ankayang'ana mwana wake akuphwanya chomwe iye mwini adathandiza kusenza pamutu ali mtsikana. Dzuwa litapendeka mchombo udatitimira. Khomo lidabuula ngati ng'ombe yolasidwa, amuna adakoka chingwe, ndipo Dzinkambani adakwekwerezedwa pamiyala, pansi pomwe adaima pakugwa. Mitengo, miyala ndi madzi zidapita ndi mkokomo woti udamveka kumishoni.

"N'chiyani chimenecho?" adafunsa Katsache.

Kenaka adazindikira yekha, ndipo sadafunsenso.

Kwa Msinkhu madzi adatsika. Mbuzi ndi nkhokwe zidapita, koma sikudafe munthu ngakhale mmodzi.

Kuyambira tsikulo Katsache sadadzukenso pamphasa. Mwatitha adamutengera m'nyumba mwake. Ankamumwetsa phala, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kuchapa zofunda zake. Mawu okha omwe ankalandira adali akuti, "Ukadandisiya." Mwamuna wake adapirira miyezi ingapo, kenaka adati, "Ine ndidakwatira mkazi, osati namwino wa nkhalamba yosayamika. Sankha." Mwatitha adati, "Munthu ndidamunyamula ndekha, ndimutaye kuti?" Mwamunayo adamanga katundu wake, ndipo posakhalitsa zidamveka kuti wakwatira kwina.

Dzinkambani akabwera kudzazonda, Katsache ankatembenukira kukhoma. Koma chachikulu chidali chisadafike. Mkazi wa Dzinkambani, Sekanawo, adali woyembekezera, ndipo tsiku lake lidakwana mtsinje usadaphwe. Azamba adayesa zonse, osatheka. Adamuika pamachira n'kuthamanga naye, Nangondo akuthamanga pambali atamugwira dzanja. Miyendo idawatengera kumlatho mwachizolowezi. Adafika pomwe mlatho udadukira n'kuima. Pansi madzi ankawira, oti bwato silikadayesa n'komwe. Kutsidya denga la chipatala linkaoneka bwinobwino, likunyezimira padzuwa. Amuna adathamanga kukadula milongoti yoti ayale pampatapo, koma pomwe amafika nayo, Sekanawo adali atatsirizika, mwana ali m'mimba.

Dzinkambani adakhala pansi pamphepete pompo. "Amayi," adatero, "khomo ili ndidatsegula ndine."

Nangondo adangomugwira mutu.

Nyengo yozizira itafika, kudatulukira munthu wowonda, wotsokomola, atanyamula kasutikesi. Nangondo adamuzindikira ndi kayendedwe. Adali Lingilirani. Adamva za mlatho kwa munthu wina wa kwawo amene adapita ku migodi, ndipo adasiya ntchito n'kuuyamba ulendo. Adalowa m'nyumba ya Mwatitha n'kugwada pafupi ndi mphasa.

"Amalume, ndine Lingilirani."

"Lingilirani uti? Amene ndinkamudziwa ine adati za miyala ayi."

"Yemweyo, amalume. Ndiphunzitseni."

Katsache adati, "Bweretsa manja." Adawapapasa, nati, "Afewa. Koma alimba."

Lingilirani adayamba wapita kwa mkulu wake kukapempha kuti agwirire limodzi. Dzinkambani adapukusa mutu. "Zida ndi izo, tenga. Manja angawa asagwirenso mwala." Motero mng'ono uja, amene sadasemepo mwala chibadwire, adalowa yekha mumtsinje. Adafukula miyala ya khomo lija mumchenga, ina patali ndithu kumunsi, n'kumaigubuduza. Ankalowa m'madzi ozizira kusadafunde, masana n'kukaima pautsi wa ng'anjo ya njereza. Anthu a kwa Msinkhu ataona adabwera kudzathandiza, ndipo ndiwo ankanyamula Katsache pamachira kupita naye kumtsinje. Nkhalambayo inkapapasa mwala uliwonse. "Uwu ngwa kumanzere. Tembenuza. Ayi, wagonetsa chagada, gumula uyambenso." Lingilirani ankagumula n'kuyambanso. Kwa nthawi yoyamba chigwere khomo lija, Nangondo adamva mlongo wake akukalipa ndi mawu amphamvu, ndipo adadziwa kuti mtima wake wabwerera.

Koma adaonanso china. Tsiku lina akuchapa malaya a mwana wake adapeza madontho a magazi pomwe ankapukutira pakamwa.

"Mwana wanga, chifuwachi chikupha. Puma."

"Ndidabwera nacho ku migodi, amayi. Ndikapuma, mvula itipeza khomo lili pululu."

Mitambo itayamba kusonkhana, mchombo udalowa m'malo mwake. Khomo latsopanolo lidapendekeka pang'ono, ngati phewa la munthu wosenza, koma atachotsa mitengo lidaima. Ngolo idawoloka. Woyamba kuwolotsedwa pamachira kupita kuchipatala adali Lingilirani yemweyo, ndipo a kumeneko atamupima adangomupatsa mankhwala oziziritsa ululu n'kumubweza.

Mvula yoyamba itagwa, Katsache adafooka. Masana ena adaitana mlongo wake, ana onse ali kumunda.

"Nangondo, dzina langa lisakalowe nane m'manda. Mlatho umafuna mwini. Ulipereke kwa amene adandipulumutsa."

"Ndani, achimwene? Tchulani dzina."

Milomo idagwedera, koma mawu sadatuluke. Nangondo adayandikiza khutu, n'kumva mpweya wokha. Dzuwa lisadalowe, Katsache adapita.

Atakolola, mbumba idafulula mowa wa chikumbutso, ndipo anthu adasonkhana kuchokera tsidya lino ndi tsidya linalo kuti aone wolowa dzina. Dzinalo lidali limodzi, ndipo wolilowa ndiye adzakhale mwini mlatho. Akuluakulu a mbumba adati kwa Nangondo, "Mawu adasiyira inu, ana ndi anu. Tiuzeni." Nangondo adafotokoza mawu a malemu monga adawamvera, osaonjeza, osachotsa. Pomwepo bwalo lidagawikana.

Amayi ena a pabwalopo adati, "Apa palibe chovuta. Kupulumutsa munthu n'kumuchotsa pakamwa pa imfa. Amuna onse ataima ngati zitsa, adalowa m'madzi ndani? Akadapanda Mwatitha, Dzinkambani akadamenya pati, malume ake atakhala pamwalapo? Lingilirani akadaphunzira kwa yani? Ndipo dzina silifunsa kuti wavala nsalu kapena buluku." Koma ena adati, "Malemu sadamuthokozepo. Mpaka imfa ankati adawachititsa manyazi. Munthu angatche mpulumutsi yemwe adamulanda imfa imene adaisankha yekha?" Mwatitha mwini adangoti, "Ine ndidaona amalume anga ali m'madzi. Zina sindidaganize."

Nkhalamba ina ya kwa Msinkhu idaimirira ndi ndodo. "Ine ndidali padenga tsiku lija, ndi zidzukulu zanga. Katsache adamanga mlatho kuti madzi asadyenso munthu. Tikadamira ife, lero bwenzi dzina limeneli likutchulidwa ndi malovu. Bwenzi tikuti Katsache adapha mudzi. Amene adamupulumutsa ku magazi athu ndi Dzinkambani, ndipo adalipira ndi mkazi ndi mwana." Koma ena adati, "Malemu adafa osamulankhula. Ndipo mlatho ungapatsidwe kwa munthu amene adalumbira kuti sadzagwiranso mwala?" Dzinkambani, maso ali pansi, adati, "Ikadabweranso mvula ija, ndikadagumulanso. Koma musandifunse ngati ndimagona tulo."

Amene adagwira ntchito kumtsinje adati, "Tonse tidaona. Mwatitha adatula pagombe thupi lokha, munthu mwini adatsala m'madzi. Katsache adali wakufa akupuma, mpaka tsiku lomwe Lingilirani adagwada pamphasa paja. Adamubwezera mlatho, adamubwezera mawu, adafa ali mmisiri. Kupulumutsa kwina n'kotani?" Koma ena adati, "Tsiku la madzi adali kuti? Zaka zonse zija mayi ake akulira adali kuti? Ndipo tamumvani kutsokomolako. Kumupatsa dzina ameneyu n'kuliika m'manda kawiri." Lingilirani adafuna kuyankha, koma chifuwa chidamutsekereza, ndipo mlongo wake adamugwiriziza mpaka chidatsika.

Nangondo adakhala pamphasa pakati pa bwalo. Adayang'ana mwana wake wamkazi, wopanda banja, chipsera cha mano chili paphewa. Adayang'ana mwana wake woyamba, wamasiye, manja ali lende. Adayang'ana chitsirizira chake, chimene chidabwerera kwa iye kudzangofa. Onse adayamwa bere lake. Kusankha mmodzi kudali kuuza awiri enawo kuti zomwe adataya zidapita pachabe. Mowa udasasa m'mitsuko, anthu akudikira, iye osatsegula pakamwa.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, khalani pamphasa pa Nangondo. Wina adanyamula munthu, wina adagumula mlatho, wina adaumanganso. Mwa ana atatuwa, ndani adapulumutsa Katsache, woyenera kulowa dzina lake?